Mtsikana wa pa Njinga ya Augustino

Nkhani inafika kutchalitchi cha ku Makhuwira mwiniwake asanafike. Mai Faness, amene khonde lawo linayang'ana kumsewu, anauza amayi anzawo kuti Lachinayi masana anaona Augustino wa m'kwaya atakweza mtsikana pa njinga, atamufunditsa chitenje mpaka kumutu, akulowera njira ya m'minda ya nzimbe. Anamumvanso akuti, "Mtima wanga, ndiwe wekha."

Esinala, mtsikana amene Augustino ankamulota chimalizireni sukulu koma osamuuza, anamva nawo. Lamlungu sanamupatse moni.

Mapemphero atatha, mkulu wa mpingo, bambo Fanizo, anaitanira Augustino pansi pa mtengo wa nimu. Kwaya yonse inakhala chapafupi ngati ikungofuna mthunzi.

Augustino anali atakonzeka. Ambuye Yesu atanamiziridwa anakhala chete, iyenso akhala chete. Komanso, kunena zoona, choonadi chake chinali chovuta kuchitchula pagulu.

"Mwana wathu, mtsikanayo ndani?" anafunsa bambo Fanizo.

Augustino anapinda manja, nayang'ana kumwamba. Thukuta linatsikira m'khosi. Ntchentche inatera pamphuno, iye osaiingitsa.

"Wadwala kapena?"

"Ayi bambo, ndikupirira."

"Ndiye pirira msanga, kukutentha."

Mai Faness anakonza duku lawo. "Ine ndinamuona bwinobwino. Wamfupi, wonenepa pamimba, timiyendo toonda. Si wakuno ameneyo, mwina ngwa ku Nsanje. Anamuyankhanso ndi timawu tonjenjemera, tamanyazi."

Mawu oyabwa okhudza maso a mai Faness anafika pakamwa pa Augustino. Anawameza. Mkhristu sabwezera chipongwe, makamaka kwa munthu amene amaphika pa misonkhano ya kwaya.

Kenako anaona Esinala akutola ambulera yake. Mtsikanayo anadzuka, nayamba kuyenda, osacheuka. Akafika kwawo ndi bodzalo, basi, zonse zathera pomwepo. Kupirira kwa Augustino kunathera pa phazi lachitatu la Esinala.

"Inali mbuzi," anatero mokweza.

Esinala anaima.

"Mbuzi ya malume, bambo. Inatupa mimba, ndiye anandituma nayo kwa alangizi a ziweto. Ndinaikhazika m'dengu pa kaliyala, n'kuifunditsa chitenje kuopa dzuwa."

"Nanga mawu aja?"

Augustino anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Ndimayeserera. Pali munthu amene ndikufuna kudzamuuza, ndiye ndinati ndiyambire poti sangandikane."

Oyimba besi anagwa ndi phwete mpaka wina anakhala pansi. Bambo Fanizo anatseka pakamwa ndi kansalu ngati akutsokomola.

"Mai Faness, mwamva?"

"Koma chitenjecho chinali cha mtsikana," anang'ung'udza, kenako anapitiriza m'Chisena chapansipansi.

"Ndakukhululukirani, amayi," anatero Augustino. "Mbuzi ija ukaionera patali imaoneka bwino ndithu."

Bambo Fanizo anapukuta misozi. "Amayi, mawa muyende m'makomo onse amene munasiyamo nkhaniyi mukaitenge. Iwe Augustino, wachita bwino posabwezera mwano. Koma Ambuye sanakhale chete chifukwa cha manyazi. Choonadi ukakhala nacho uzichinena, ngakhale chikhale ndi nyanga."

Anthu atabalalika, Augustino anakankha njinga yake pang'onopang'ono. Pokhota njira anapeza Esinala ataima, ambulera ili paphewa.

"Mbuziyo inayankha kuti chiyani?"

"Inandidyera shati kumsana."

"Ndiye kuti inavomera." Esinala anazunguza ambulera. "Nanga munthu winayo mudzamuuza liti?"

"Ndimaganiza za Khirisimasi."

"Khirisimasi? Mbuzi munaiuza Lachinayi."

Augustino anatsamiritsa njinga pamtengo wa masau. Njingayo inagwa. Anaisiya. Anayeretsa kukhosi, naika dzanja pamtima.

"Mtima wanga..."

"Ayi," anatero Esinala, akusunthira mumthunzi. "Amenewo ndi a mbuzi. Ine mundipezere ena. Ndikudikira, koma musachedwe, kunyumba akundiyembekeza."