Makhadi M'manja mwa a Dixon

Kompyuta ya pachipatala cha esiteti yathu inafa Lolemba, kunja kuli chiperoni. Windows inadyedwa ndi vairasi. Tsono chaka chimenecho, 2008, kampani inali italamula kuti ine namwino ndisapereke ma ARV kwa wodwala khadi yake isanawerengedwe pakamakina kolumikiza ku kompyuta. Kompyuta yafa, mankhwala atsekeredwa m'kabati. Zopusa bwanji!

Amayi othyola tiyi anabwerera chimanjamanja Lolemba, Lachiwirinso chimodzimodzi. Lachitatu ndinati basi, zakwana. Ndinabwera ndi laputopu yanga, imene mlongo wanga Foster anaikamo Linux m'malo mwa Windows. Pafoni anandilongosolera moikira dalaivala, kapulogalamu kaulere kothandiza kompyuta iliyonse kumvana ndi kamakinako. Ndinalowetsa khadi ya mayi Lestina, amene anayenda wapansi kuchokera ku Masambanjati mapiritsi atawathera dzana. Kanyali kobiriwira kanayaka, dzina lawo n'kuonekera. Ndinachita kulumpha ndi chimwemwe.

Ndisanatsegule n'komwe kabati, a Dixon, bwana woyang'anira antchito, anatulukira.

“Sisitala, mwatani apa? Zinthu zaulere pamakina a kampani? Katswiri abwera Lachisanu kuchokera ku Blantyre.”

“Bwana, kachilombo kamadziwa Lachisanu?”

“Mukufuna kalata yokuchotsani ntchito?”

“Lembani. Cholembera ndikubwerekani.”

Anazula chingwe cha kamakina. Mtima wanga unawira, ndipo mawu amene anali pakamwa panga akanandichotsetsadi ntchito.

Koma mayi Lestina anaimirira. Anasolola khadi yawo m'kamakina, anagwada pasimenti yozizirayo, n'kuipereka kwa a Dixon ndi manja awiri. Chinthu chopatsidwa mogwada ungachikane bwanji? A Dixon analandira asanaganize n'komwe.

“Sungani ndinu, bwana,” anatero mayi Lestina. “Ine ndilibe nayo ntchito. Ndikafa mudzandiikire m'bokosi.”

Mayi wina anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa khadi yake, anagwada. Wina anatsatira, winanso. Palibe anatukwana. Aliyense ankangoti “Zikomo bwana,” n'kubwerera pabenchi, osapita kwawo.

A Dixon anaima pakati pa chipinda, makhadi tho m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anayang'ana kukhomo, koma mzere unali utafika pabwalo. Kenako anakhuthulira makhadiwo patebulo panga.

“Chingwe chija,” anatero chapansipansi, “chimalowa pati?”

Sindinawathandize. Anachita kugwada okha n'kupafufuza, amayi onse akuwaonerera.