Thobwa la Mumchenga wa Namiyala

Gwirani ndagi iyi, musaigwetse: mlendo wanga amatsika kuphiri akuimba, amadya munda wa eni osapempha, pochoka satsanzika, koma mphasa yake amaisiya yoyala. Ndani ameneyo? Mwalephera? Mundisungire nkhuku, ndikuuzeni.

Ndi Namiyala, kamtsinje kaja kamabadwira m'ming'alu ya matanthwe pamwamba pa phiri la Zomba. Kamalumpha mathithi, kukwawa m'nsungwi, kuzembera kuseri kwa minda ya chimanga, n'kukagwera mu Domasi, kumene madzi ake amakalembedwa ntchito m'minda ya mpunga. Mu Januwale kamabangula ngati mwamuna wochokera kumowa. Nthawi yokolola kayamba ulemu, madzi mbee, amayi n'kumachapa. Mu Julaye kangotsala timaiwe ta ambululu. Ikafika Okutobala, kathawa! Patsala mchenga wokhawokha, mphasa ija. Koma mukafukula mpaka m'chigongono, mchengawo ndi wozizira ngati mphuno ya galu.

N'chifukwa chake kuno thobwa la pamwambo siligona m'nyumba nyengo yotentha. Zidebe zimakwiriridwa mpaka m'khosi mumchengamo, patsinde pa mkuyu womera pakati pa khwawa. Firiji ya amphawi, yosadziwa kuti magetsi athima.

Tsono mu Novembala wina, Scholastica anali ndi chinkhoswe cha mwana wake Prudence. Akuchimuna anali a ku Songani, ambiri anthu a m'maofesi, ozolowera zakumwa za m'mabotolo. Iye analibe mipando yofewa kapena mbale zofanana. Chida chake chinali chimodzi: thobwa la mawere, chimera chomeretsa yekha. Likanangoti lasasa kapena latayika, mwana wake akanapita kubanja ndi mbiri yoti kwawo alendo amabwerera kukhosi kuli gwa.

M'mawa wa tsikulo anakweza maso. M'chigwa dzuwa linali phwee, koma phiri linali litavala chipewa chakuda bii. Anathamangira kwa mlongo wake wamkulu, a Ignatius, amene anali nkhoswe, ndipo anali atavala kale suti anthu asanasese n'komwe pabwalo.

"Achimwene, taonani kuphiriko. Kodi tisafukule thobwa lija?"

"Iwe Sikola, ukufuna alendo amwe phala lofunda? Namiyala ndimamudziwa ngati thumba la buluku langa. Mvula yoyamba satsika nayo, mchenga umayamba wamwa. Ndipo atabwera, ine ndilipo! Waiwala chaka cha chigumula chija? Ndinamuwoloka madzi ali m'khosi, njinga pamutu, mbuzi m'khwapa!"

Scholastica sanaiwale. Ankakumbukanso kuti poyamba nkhaniyi inali ndi nkhuku, mbuzi inabwera pambuyo. Wowaona akuwoloka panalibe, akuti anthu onse anali kutchalitchi. Koma mwinimbumba sutsutsana naye pa tsiku lotere, komanso kutentha kwake kunali koti thobwa likafukulidwa m'mawa, pofika masana lachita thovu. Tsiku lonse diso limodzi linali pa alendo, lina kuphiri.

Mwambo unayenda bwino, nkhuku zinasinthanidwa, nthungululu zinalira. Itakwana nthawi ya chakumwa, a Ignatius anaimirira.

"Alendo athu, bwerani mudzaone firiji yomwe kwanu kulibe!"

Gulu lonse linatsetserekera kukhwawa. Kutsogolo kunali a Bibi, azakhali a mkwati, mayi wa thupi lake wogulitsa nsomba pa Songani, atatchena chilundu chonyezimira. Scholastica ndi mnansi wake Lyness anagwada n'kuyamba kufukula. A Ignatius anaima pakati pa mchenga, dzanja m'chiuno.

"Pamene mwaimapo, madzi anali kupitirira mutu wanu. Ine ndinangoti njinga pamutu, thole la ng'ombe m'khwapa..."

"Si mbuzi kodi?" anafunsa Lyness osadzutsa mutu.

"Inakula, mayi. Fukulani."

Pomwepo kamphepo kozizira kanadutsa, konunkhira dothi lonyowa. Kumtunda kunamveka phokoso ngati minibasi yakutha ikukwera chitunda. Kenaka pokhota paja panatulukira masamba, timitengo ndi thovu lofiirira, zikukwawa pamchenga ngati njoka yokhuta. Kumwamba kopanda ndi dontho lomwe!

"Madzi! Achimwene, gwirani chidebe ichi!" anakuwa Scholastica.

Potembenuka, achimwene palibe. Panangotsala nsapato imodzi.

"Mayo ine! Ndafa ine! Sikola, itana anthu!"

Mawuwo ankachokera mumkuyu. Mmene anakwerera munthu wodwala bondo ngati iwo, afunseni anyani.

Scholastica analibe nthawi yoseka. Madzi anali atafika m'akakolo, akudya mchenga wozungulira zidebe. Anakwinya chitenje, kuzula chidebe, kupatsira Lyness, Lyness kupatsira wina. Alendo a mataye aja anavula nsapato, kupinda mabuluku, n'kupanga mzere mpaka kumtunda. Chidebe chomaliza, chachikulu, chinayamba kupendekeka, chivindikiro chikuvina. Scholastica anachigwira ndi manja awiri koma chinakana kuzuka.

"Tasunthani, asebere!"

Anali a Bibi, chilundu chonyezimira chili m'madzi. Anachikumbatira chidebecho ngati dengu la matemba, kuchizula, kuchitula pamutu, n'kuwoloka osataya ndi kadontho.

Anamwera pomwepo pagombe, mapazi ali matope. Thobwa lozizira lomveka mpaka m'mano. Bambo wina wa tayi anapempha kachiwiri, kachitatu anangotenga chikho yekha.

"Mtsikanayu ngati anaphunzira manja a mayi ake," anatero a Bibi akupukuta pakamwa, "mwana wathu wadya bwino."

Scholastica anapuma mpweya umene anausunga kuyambira m'mawa.

"Nanga ine?" unalira mkuyu.

Madzi anali atalekezera m'misongolo, osakweranso. Tiana tinayamba kale kusewera m'mbali.

"Tsikani, achimwene, alendo akudikira mawu otsekera."

"Akuya bwanji pamenepo?"

"Ofika bakha m'chiuno."

"Iwe, usasewere ndi moyo wanga! Ine kusambira sindidziwa!"

Kenaka a Bibi anatula chikho, kulowanso m'madzi, n'kupereka msana patsinde pa mkuyu.

"Bwerani ankhoswe, ndikuberekeni. Nsomba zolemera kuposa inu ndasenzapo."

Anatsika a Ignatius, suti ili nyerere zokhazokha, n'kukakamira khosi la a Bibi, miyendo ataipinda kuti isakhudze madzi. Atafika pakatikati, a Bibi anaima dala.

"Tandikumbutsani, bambo. Ng'ombe ija munaipana khwapa liti, lamanja kapena lamanzere?"

Phwete linaphulika tsidya ndi tsidya. Lyness anagwa chagada pamchenga, Prudence anabisa nkhope m'mpango mapewa akugwedezeka, ndipo Scholastica anaseka mpaka misozi, akuloza kumunsi kumene nsapato ya achimwene ake inkayandama, ulendo wa kuminda ya mpunga.

"Musadandaule achimwene," anakuwa, "nsapato yokhayo ndiye yawoloka Namiyala!"