Ukaristia wa Mkamwini

Misa itatha Lamulungu limenelo, mayi Immaculata anagwada kuguwa pamodzi ndi anzawo operekera Ukaristia kwa odwala. Wansembe anaika Thupi la Ambuye m'kabokosi kachitsulo, nakalowetsa m'kachikwama kachingwe, nawaveka m'khosi. Atatero m'pamene ananong'ona:

"Inu mupite ku Area 14, kwa a Naphiri. Mlongo wawo, a Paxton, ali kayakaya. Analapa dzana ndipo akhululukidwa."

Wansembeyo anali mlendo paparishi. Akanadziwa bwanji kuti Paxton ndi mkamwini amene anamenya Lisa, mwana wa mayi Immaculata, mpaka kumupha? Mlandu unafera m'mazira, poti a Naphiri analumbira kupolisi kuti Lisa, mlamu wawoyo, anaterereka yekha m'bafa.

Mayi Immaculata akanamva dzinalo manja ali chabe, bwenzi atakana kwamtuwagalu. Koma tsopano Ambuye anali pachifuwa, ndipo wonyamula Ambuye sakangana, sacheza, sapatuka. Sungapite nawo kunyumba, sungawasiye pampando ngati ambulera. Njira imakhala imodzi yokha, yopita kwa wodwala.

Podutsa pa Msika wa Tsoka, pamene amagulitsa kaunjika pakati pa sabata, anzawo anawakuwira moni. Iwo anangoweramitsa mutu. M'minibasi anapanikizika pakati pa thumba la makala ndi bambo wonenepa, dzanja litaphimba kachikwama, mtima uli phuluphulu ndi mkwiyo. Chiphunzitso ankachidziwa, ankachiphunzitsanso ana: munthu akalapa moona, ngakhale pa mpweya wotsiriza, Mulungu amamulandira. Chinkakoma pakamwa chisanapeze nkhope. Lisa anafera pasimenti, popanda wansembe, popanda mafuta, popanda womugwira dzanja. Womuphayo walapa, wadzozedwa, ndipo lero Ambuye akumukwerera minibasi. Chilungamo chake n'chiti pamenepa?

A Naphiri atatsegula geti nkhope inagwa, koma ataona kachikwama anagwada, poti nawonso ndi Akatolika. Anawatsogolera kuseri kwa nyumba yaikulu, kukachipinda ka antchito kamene kanali ndi zenera limodzi lotseka. Munkanunkha mankhwala ndi thukuta. Kandulo inali itayatsidwa kale pakatebulo, ndipo a Naphiri atalowa anaima pachitseko.

Chimunthu chija chinkanjenjemeretsa nyumba chinali chitatsala mafupa okhaokha. Chikhalire mayi Immaculata anali asanamuyandikirepo chotere, pakuti mpongozi ndi mkamwini amapatukirana njira. Lero anayenera kumuika chakudya pakamwa ndi zala zawo.

Anayamba mapemphero, mawu ali gwagwagwa. Paxton anatukula dzanja.

"Amayi, dikirani. Bambo wansembe anandiuza kuti Mulungu wandikhululukira, koma chimene ndinaononga sichinakonzeke. Akuti ndikonze chimene ndingathe, chotsala ndikachipeza ku Purigatoriyo." Anatsokomola, natembenuzira maso kuchitseko. "Achemwali, bodza lija lithe. Lisa sanaterereke. Ndinamumenyetsa kukhoma ndine, ndipo inu munakolopa magazi."

"Paxton, mutu sukuyenda bwino," anatero a Naphiri.

"Ukuyenda. Mawa muitane apolisi, ndikanali ndi pakamwa."

A Naphiri anatsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi, nafunda chitenje kumaso.

Mayi Immaculata ankaganiza kuti tsiku lodzamva mawu amenewo adzapepukidwa. Sizinatero ayi. Anangomva kutopa, ndi chisoni. Munthu wongotsala mafupa ndende yake n'kukhala iti? Komabe zoona zinali zitanenedwa, pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa wonama.

"Mundikhululukire, amayi," anatero Paxton.

Mayi Immaculata anatsegula kabokosi, nakweza Ukaristia. Anafuna kuti dzanja liume, koma silinaume.

"Thupi la Khristu."

"Amen."

Anamuika palilime louma, namumwetsa madzi pang'ono kuti ameze, atamugwiriza mutu ngati khanda. Anatsiriza pemphero, natseka kabokosi kopanda kanthu. Tsopano anali omasuka kulankhula zawo, ndipo zolankhula zinali zambiri, zosungidwa chiikire maliro. Paxton anadikira, maso ali tong'o. Anali munthu wa ulendo, ndipo mayiwo anadziwa, mowawa mtima, kuti kumene akulowera n'komwe iwo amapempherera tsiku ndi tsiku kuti mwana wawo akafike.

Anawerama kufikira pafupi ndi khutu lake.

"A Paxton, Mulungu wakulandirani, ine sindingamuletse. Koma mukafika uko n'kumupeza mwana wanga, musakamuyandikire."