Nsungwi ya pa Chinkhoswe cha Lucrécia

Pakhomo pa a Rosária ku Lifidzi panali patasesedwa mpaka kuseri kwa nkhokwe, kumene mlendo waulemu sasuzumirako n'komwe. Linali tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo Lucrécia, ndipo kanali kachiwiri kukonzekera chinkhoswe chomwechi. Ulendo woyamba zinthu zinafera m'mazira. Thobwa anaphika, akuchimuna anafika atatchena, koma atsibweni a mwanayo, a Serafim, sanabwere. Mwendo unawatupa ku Beira kumene amakhala, ndipo achipatala anawakaniza kukwera basi. Tsono kwathu kuno mwana wamkazi saperekedwa ndi mayi wake. Mayi abereke, ayamwitse, amuphunzitse mpaka uprofesora, kukhala mphunzitsi, ndi ndalama za kachewere wa m'dimba, koma likafika tsikulo, mawu oti "tengani" amatuluka pakamwa pa atsibweni basi.

Amene anawawidwa mtima kwambiri tsiku loyambalo anali a Horácio, malume a mnyamata wofunsirayo, Emílio. Awa anali Angoni a cha ku Fonte Boa, a mfunda wa Ngozo, munthu wamtali woyenda ngati dziko lonse ndi khola lawo. Pokwera njinga tsiku limenelo anasiya mawu ochepa.

"Mayi, tabwera, mwatibweza. Tidzabweranso kamodzi. Kachitatu ng'ombe zathu zingatiseke."

A Rosária anapempha kuti a Serafim adzangolankhula pa telefoni, poti mwendo sunkaonetsa zoti uphwa msanga.

"Mawu a m'telefoni aliyense angathe kulankhula," anatero a Horácio. "Ndikufuna ndiwaone nkhope, iwonso aone yanga. Ukwati si mbuzi yogula mumdima."

Apa ndi pamene analowerapo Crimildo, mwana wa alamu awo a Rosária, mwini banka, kagolosale kogundizana ndi mpanda wawo. Pa denga la bankayo panali antena yoyera yoyang'ana kumwamba ngati lichero loyanika ufa, yokoka intaneti kuchokera ku setilaiti. Crimildo ankaikonda antena imeneyi kuposa mmene amuna ena amakondera akazi awo. Anadziguguda pamtima kuti a Serafim adzaoneka ngati akhala pamphasa pomwepo. Ndipo sananame. Atayesa Lachitatu m'mawa, nkhope ya a Serafim inabwera yoyera mbee pa komputadori, moti a Rosária anawakalipira achimwene awowo chifukwa chosameta ndevu.

Loweruka masana, mphepo ya mwezi wa Julayi ikuluma makutu, akuchimuna anafika. Tambala wa mwambo anali atamangidwa kumbuyo kwa njinga ya a Horácio. Anthu anakhala, akuchimuna uku, akuchikazi uku, ndipo Lucrécia anatulutsidwa atafunditsidwa nsalu ya kapulana kumutu mpaka kumapazi. Thobwa linayamba kuzungulira. Pamodzi ndi thobwalo panazunguliranso chinthu china chimene a Rosária sanachione. Mlendo mmodzi anapita kwa Crimildo n'kunong'ona kuti, "Achimwene, senya ija bwanji?" Crimildo anamuuza mawu achinsinsi olowera pa intanetiyo. Winanso anabwera, ndipo naye anauzidwa. Musamuweruze msanga Crimildo. Munthu amene wam'patsa chipanda cha thobwa ungam'mane bwanji senya, chinthu chosaoneka n'komwe? Posakhalitsa mbali zonse ziwiri zinali zitaweramira m'matelefoni.

Nthawi itakwana, a Filipe, nkhoswe yaing'ono ya kuchikazi, mkulu wowonda wodwaladwala chifuwa, anaimirira n'kulengeza kuti mwini mbumba alankhula kuchokera ku Beira. Crimildo anaika komputadori pa kampando pakati pa bwalo n'kuimba. Kachizindikiro kanazungulira. Kanazungulirabe. Kenako a Serafim anatulukira, koma atauma gwa, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka.

"Kodi ali moyo?" anafunsa mayi wina wa kuchimuna, mokweza dala.

Crimildo anathamangira ku banka kukasintha senya. Alendo anadandaula ngati awalanda mbale m'manja, koma sizinathandize. A Serafim ankati akasuntha pang'ono, n'kutulutsa theka la liwu, n'kuumanso. A Rosária anam'kokera Crimildo kuseri kwa khitchini.

"Iwe, Lachitatu zinkatheka bwino. Lero walakwitsa chiyani?"

"Mayi, senya ndalakwitsa ndine, ndavomera. Koma vuto lalikulu lili kumwambako. Setilaiti imene tikukokako ife ndi yomweyo akukokako a ku Ulongwe, masitolo, mabala, aliyense wogula antena. Lero Loweruka, kuli bola, mpira uja, dziko lonse likuonera. Zili ngati shapa, minibasi ya ku Tete, yodzaza kale. Ngakhale muiimitse ndi manja awiri, malo mulibe."

"Tsono atsika liti anthuwo?"

"Akagona."

A Rosária anamusiya Crimildo kuseriko. Atabwerera pabwalo anapeza a Horácio akuyang'ana dzuwa, kenako njinga yawo. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinaopsa kwambiri. Anangouza mmodzi wa anthu awo kuti tambala uja asam'masule. Pansi pa kapulana mapewa a Lucrécia anali kugwedezeka. Mwana ameneyu anali atam'dikira Emílio zaka zonse za maphunziro ake, akukana amuna a magalimoto, ndipo lero ukwati wake unkatha chifukwa cha anthu oonera bola ku Ulongwe. A Rosária anapsa mtima, kupsa kwenikweni kumene kumachotsa manyazi.

Anamasula mfundo ya kapulana yawo n'kutulutsa telefoni yawo yong'aluka galasi. Munali kartau, simu khadi ya ku Malawi. Mudziwo uli m'chigwa, ndipo redi ya kwathu, netiweki ya telefoni, imafikamo mwa apo ndi apo, koma aliyense amadziwa kuti ukakwera pa chulu cha kumtunda kwa munda wa a Rosária, redi yochokera ku phiri la Dedza imakupeza. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, iwo ankakwera pamenepo kukacheza ndi achimwene awo pa telefoni.

"A Ngozo," anatero atagwada, "pepani. Tiyeni tonse tikwere pa chulu paja. Pamene paja achimwene aoneka."

A Horácio anawayang'ana ngati awatukwana.

"Pa chulu? Mayi, chinkhoswe chimachitikira pakhomo, anthu akuona. Zokamangira ukwati kutchire ndi za anthu obana. Mwana wathu sakuba mkazi."

Mawuwo anali owawa, koma anali oona, ndipo a Rosária anadziwa. Anakhala chogwada, maso ali pa denga la nyumba yawo chifukwa analibe kwina koyang'ana. Malata aja anali a chaka chatha. Anakumbukira mmisiri amene anawakhoma, Edmundo, mmene ankachedwera kutsika. Ankati akafika pamsonga pa denga, telefoni yake inkayamba kulira mauthenga, iye n'kukhala pomwepo akuseka yekha, nyundo ili pambali. A Rosária anam'kalipira kangapo kuti anam'lemba ntchito yokhoma malata, osati yocheza ndi zibwenzi.

Anadzuka osapukuta n'komwe fumbi m'mawondo.

"Crimildo! Telefoni iyi itakhala m'mwamba, ingathe kugawira komputadori yako pansi pano?"

Crimildo anaphethira, kenako nkhope yake inawala.

"Ingathe, mayi, ngati muli ma mega a intaneti."

"Ndinathiramo dzana. Tenga malegeni a njinga."

Kuseri kwa nyumba kunali nsungwi zimene anagula zoti alukire nkhokwe yatsopano. Anasankha ziwiri zazitali kwambiri, n'kuzilumikiza ndi malegeni. Crimildo anakonza telefoniyo kuti izigawa intaneti, a Rosária n'kuikulunga m'kansalu, n'kuimangirira kunsonga ngati mwana kumsana. Alendo anasiya kudandaula za senya, onse maso ali pa nsungwi. Ena ankaseka m'manja. Aseke, anatero a Rosária mumtima, bola asakwere njinga.

Kuimika nsungwiyo kunali kosavuta, koma kuigwira inali nkhani ina. Mphepo ya ku Angónia siimva za chinkhoswe. Crimildo anayenera kukhala pa komputadori, Emílio mwambo sunkamulola kudzuka, ndipo a Filipe atangoigwira, nsungwi inayamba kuwavinitsa uku ndi uku mpaka chifuwa chinawabanika. A Rosária anawachotsa, n'kumanga kapulana yawo molimba m'chiuno, n'kuikumbatira okha. Mpango unagwa kumutu, koma sanautole.

A Horácio anapirira kwa kanthawi, akuyang'ana kumbali. Koma Mngoni kukhala pampando mzimayi akulimbana ndi mtengo pamaso pake, pagulu, zimenezo thupi lawo linakana lokha. Anavula jekete, n'kuipereka kwa Emílio.

"Chokanipo apa mayi, mungatichititse manyazi."

Anaigwira ndi manja awo ozolowera kugwira ng'ombe, nsungwi n'kuima njo. Crimildo anaimbanso. Kachizindikiro kanazungulira kamodzi kokha, ndipo a Serafim anatulukira, amoyo, ometa bwino, atavala jekete ndi tayi, mwendo wotupa uja atausanjika pa kampando. Mwana wawo Vânia, amene ankawagwirira telefoni, anamveka akuti, "Papa, akukuonani, lankhulani." Pabwalo ponse panamveka "Eee!" Crimildo anatembenuza komputadori kuti iyang'ane kwa a Horácio.

A Serafim anali munthu wakale, wodziwa kulonjera. Anawerama pang'ono, n'kuyamba ndi mawu okhuthala.

"Zikomo a Ngozo. Mwayenda bwanji ndi mphepoyi, bambo?"

Tsono munthu amene analeredwa bwino, mkulu akam'tchula mfunda wake, manja safunsa mutu. A Horácio anapinda mawondo, n'kusiya nsungwi, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu, phu, phu, phu.

Nsungwi inaganiza kaye pang'ono, kenako inayamba ulendo wopita ku mgolo wa thobwa. Amayi anakuwa. A Rosária, amene anali asanapite patali, anadumpha n'kuilandira ndi phewa, telefoni itatsala pang'ono kumira m'thobwa. Pa komputadori a Serafim anazimiririka.

A Horácio anatsala manja ali m'malere, akuyang'ana zimene achita. Phewa linkawawa, ndipo a Rosária anaiwala kuti akulankhula ndi ndani.

"Inu a Ngozo, ulemu wanuwu utiphera ukwati!"

A Filipe anatseka maso. Aliyense anadikira kuti njinga zinyamuka tsopano. Koma pakhosi pa a Horácio panatuluka kaphokoso, kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo munthu wamkulu uja anaseka mpaka misozi, bwalo lonse n'kuphulika naye. Ngakhale pansi pa kapulana panamveka kuseka kosakanikirana ndi kufwenthera.

"Ndalakwa, mayi. Bweretsani kuno. Ulendo uno ngakhale abwere bishopu, sindisiya."

Anaimikanso nsungwi, amuna awiri a kuchikazi n'kubwera kudzathandiza, koma a Horácio anawauza kuti agwire m'munsi, pakati n'pawo. A Serafim anabweranso.

"Kodi kumeneko kwagwa chiyani? Ndinangomva amayi akukuwa, kenako mdima."

Anthu anasekanso, kenako mwambo unayamba kuyenda m'njira yake. A Horácio ananena chimene anabwerera, ataimirira chomwecho, nsungwi ili pachifuwa. A Serafim anafunsa za Emílio, za kwawo, za ntchito yake, ndipo sanafulumire ngakhale pang'ono, poti mwini mbumba safulumizidwa. A Rosária ankangoyang'ana kunsonga kwa nsungwi, akupemphera kuti batire lisathe. Kenako anavundukula kapulana, Lucrécia n'kuonekera, maso ofiira koma akumwetulira.

"Lucrécia, mwana wa mlongo wanga," anatero a Serafim, "munthu uyu ukum'dziwa?"

"Ndikum'dziwa, atsibweni."

"Wam'funa wekha?"

"Ndam'funa ndekha."

A Serafim anapukuta m'maso ndi chala, n'kuyang'ana kwa mwamuna wamtali wogwira nsungwi uja.

"A Ngozo, ine ndimadera nkhawa kuti mwanayu akupita kwa anthu otani. Koma ndaona ndi maso anga. Anthu amene agwira mtengo pamphepo kuti nkhalamba yodwala ilankhule pa ukwati wa mwana wake, sangam'gonetse ndi njala. Tengani. Ndakupatsani ndi manja awiri."

Nthungululu inang'amba mudzi wonse mpaka agalu anayamba kuuwa. Tambala uja anamasulidwa pa njinga, a Filipe n'kubwera ndi thadzi la kuchikazi, nkhuku ziwirizo n'kusinthana manja zikukupiza mapiko. Anthu onse anali kuwomba m'manja kuthokoza mwini mbumba, kupatula munthu mmodzi. A Horácio anali chiimire, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira, zala zitakanirira pa nsungwi. Zinkaoneka kuti manja akuwayabwa koopsa. Anayang'ana uku ndi uku mpaka maso awo anapeza a Rosária, ndipo anawaitana ndi dzina limene anali asanawaitanepo nalo.

"Asewere! Manja anga ali pa ntchito. Tandiwomberaniko kwa akuluwo."

A Rosária sanadikire kuuzidwa kawiri. Anapita pafupi ndi asewere awowo, phewa likuwawabe, mutu uli wopanda mpango, n'kugwada moyang'ana achimwene awo. Anawomba m'manja kawiri konse, koyamba m'malo mwa a Ngozo, kachiwiri kwa iwo eni.