Chisa cha Matope Pansi pa Makina

Nkhani ya makina osokera anaimalizira pabalaza, mwini wake ali chigonere kuchipinda. Atelala anaimva yonse, chifukwa mwana wawo ndi uja amati akamanong'ona mawu ake amakafika kumpanda. Chiwagwereni sitiroko, anthu a m'nyumbamo ankayesa kuti makutu anafera limodzi ndi mkono wamanzere. Makutuwo anali bwinobwino. Unafa ndi mkono basi. Mwendo wa mbali yomweyo ankachita kuukoka, ndipo pakamwa panapotoka pang'ono, moti mawu ankachedwa kutuluka. Akangochedwa, wina amawamalizira, nthawi zambiri molakwika.

M'mawa mwake mwana wawoyo analowa atamanga kale taye. Atelala ankamutchula kuti Abwana chiyambireni ntchito ya muofesi, ndipo iye sankadziwa kuti akunyogodoledwa.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Tinakambirana za makinawa. Mlamu wanga wayamba kuphunzira zosoka, ndiye akusowa pophunzirira. Komanso mwana akabadwa malo atichepera. Loweruka kubwera galimoto."

"Makinawo ndi..."

"Ndi anu, eya, palibe akukana. Koma taonani nokha." Anakweza nsalu imene inavundikira makinawo n'kuloza kunsi kwa thabwa, pafupi ndi lamba. Panali chibuma cha matope ouma, chachikulu ngati nkhonya ya mwana. "Mpaka mavu amangapo nyumba. Chinthu chikafika pomangidwa ndi mavu ndiye kuti ntchito yake inatha."

Atatero anayang'ana wotchi n'kutuluka. Atelala mtima unawawira. Makina amenewo ndi amene anasoka yunifolomu yake yoyamba, ndi amene anamudyetsa mpaka kumera ndevu zimene akumetazi, lero iye yemweyo akuwawerengera maliro. Ndipo umboni wake anachita kukautenga kwa mavuwo, mnzawo yekhayo amene ankawachezera.

Chisacho Atelala anachiona chikumangidwa kuyambira pa maziko. Munthu wogona tsiku lonse amaona zimene oyenda saona. Zenera la chipindacho linali ndi galasi losweka pakona, ndipo dzuwa likakwera ankalowera pamenepo mavu akuda aja a chiuno chopyapyala ngati ulusi. Si mavu olusa okhala chigulu m'mitengo aja ayi. Awa ndi oyenda okha, wamkazi mmodzi ndi ntchito yake, ndipo Atelala anamupatsa dzina loti Namatope.

Matope ankakawatenga pansi pa mpopi wodontha kuseri kwa khitchini, pamene Abwana akhala akulonjeza kukonza chaka ndi chaka. Ankabwera atanyamula kampira ka matope kukamwa, n'kutera kunsi kwa thabwa, n'kuyamba kukayala uku akulira ziii, kaphokoso konga ka makina osokera akamamveka kunyumba yachitatu. Mzere uno mbali iyi, mzere winawo mbali inayo, n'kukumana pakati ngati msoko. Atelala, amene moyo wawo wonse akhala akutembenuza malaya a anthu kuti aone kasokedwe, sanapezepo chifukwa. Kachipinda kakatha, Namatope ankasintha katundu. Ankabwera atakumbatira kanthu ka miyendo yolendewera, n'kukakankhira mkati, n'kubwerera kukatenga kena. Kachipindako kakadzaza ankamata pakhomo, n'kuyamba kena pambali pake. Sanalumepo munthu. Analibe nthawi ya ndewu.

Mpongozi wawo, mkazi wa Abwana, sanali munthu woipa, ndipo chimenecho n'chimene chinkavuta. Munthu woipa umatha kumutukwana. Uyu ankawasambitsa ndi madzi ofunda, kuwadzoza mafuta, kuwadyetsa ndi supuni ngakhale dzanja lamanja linali lamoyo, chonsecho iye ali ndi pakati. Akamaliza ankawafundika bulangete mpaka m'khosi n'kutseka chitseko. "Pumulani, Amayi." Makasitomala akale akabwera kudzazonda, Atelala ankamva pakhonde akuuzidwa kuti agona, mubwere tsiku lina. Tsiku linalo ankauzidwanso zomwezo, mpaka analeka kubwera.

Lachisanu mpongozi analowa ndi tsache ndi kansalu kopukutira, kuti makina akafike kwa mng'ono wake ali oyera.

"Chisacho..." anayamba Atelala.

"Ndichichotsa, Amayi, musadandaule."

Anachigogoda ndi mpini wa tsache. Chibumacho chinagwa n'kusweka, ndipo mpongozi anakuwa n'kudumphira kukhomo atagwira mimba. Pansi panali mbwee akangaude.

"Mayi ine! Zinthu zimenezi timagona nazo m'nyumba muno?"

"Ndipatseni."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ndipatseni. Pa sosala."

Mpongozi anawayang'ana ngati matenda afika kumutu, koma anasesera zinthuzo pa sosala ya tiyi n'kuiika pa bulangete. Atelala anavala magalasi. Munalibe ntchentche ngakhale imodzi, munalibe chiwala, munalibe mbozi. Akangaude okhaokha, ndiponso osankhidwa: ang'onoang'ono, onenepa mimba, a mtundu uja umaluka ukonde pakona ya denga n'kukhala pakati phee, kudikira kuti chakudya chibwere chokha. Pamimba pa mmodzi panamatirira kadzira koyera ngati kambewu ka mpunga. M'chidutswa china munali kamphutsi konenepa, katadya kale theka la chakudya chake.

"Nditaye, Amayi, zinafa izi."

"Zikanafa zikanauma." Mawu anatuluka pang'onopang'ono, koma ulendo uno mpongozi sanadziwe powamalizira. "Kapena kununkha. Tanunkhizani."

"Ine ayi!"

Atelala anasolola phini pachifuwa pa diresi yawo, pamene maphini akhala akukhala kuyambira ali mtsikana. Anakhudza mwendo wa kangaude mmodzi ndi nsonga yake. Panapita kanthawi. Kenako mwendowo unapindika pang'ono, n'kubwerera. Anakhudza wina, nayenso chimodzimodzi.

Pamenepo anamvetsa ntchito yonse ya Namatope. Sapha ayi. Amaluma pongofuna kuumitsa ziwalo, chifukwa chakufa chimaola msanga, koma chamoyo chosayenda chimasungika. Amachiika pabwino, pouma, posafika nyerere, n'kumata pakhomo. Kangaudeyo amakhala mumdimamo ali moyo, osapempha kanthu, osavutitsa munthu, mpaka tsiku lake litakwana.

Atelala anayang'ana bulangete losalala lija, chitseko, ndi dzanja lawo lamanzere limene linagona pambali pa sosala, loyera, lodzozedwa mafuta, zikhadabo zowengedwa bwino. Anachita mantha, ndipo mantha atadutsa panatsala ukali. Atelala sanamukwiyire Namatope. Iye amakonzera mwana amene sadzamuona n'komwe, ndipo palibe mayi angamuweruze pa zimenezo. Anakwiyira kangaude, wokhala pakona kudikira mpaka kunyamulidwa.

Masana Namatope analowa ndi kampira kake. Anazungulira kunsi kwa thabwa, anatera pa chipsera chimene chinatsala, anayendayenda akugwedeza mapiko. Nyumba palibe, ana palibe. Atelala anayesa kuti achoka. Koma anaika matopewo pomwepo pa chipserapo, ndipo ziii uja anayambiranso.

"Mwano wakewo," anatero Atelala, ndipo kwa nthawi yoyamba chigwereni anaseka.

Loweruka m'mawa, mpongozi ali kuseri kuchapa, Abwana atapita kukalondolera galimoto njira, Atelala anakankha bulangete. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Kuchoka pabedi kukafika pa makina mwana wokwawa sangachedwe, koma iwo anatuluka thukuta ngati akulima. Anagwira mpando, kuukankha, kukoka mwendo, kupuma, kuukankhanso. Potsiriza anafika pa makinawo n'kukhala pampando.

Ulusi unali udakali m'singano, woyera, womwe ankasokera tsiku limene anagwa. M'kabokosi ka m'mbali anapezamo kansalu kofewa ka maluwa achikasu kamene anagula atangomva kuti mpongozi ndi woyembekezera. Anali atakadula kale, kamalaya ka khanda, kongodikira msoko. Analumikiza zidutswa ziwiri ndi dzanja limodzi, mano akuthandiza, n'kuziika pansi pa singano. Phazi lamanja linapeza chopondera lokha, osachita kuuzidwa.

Vuto linali logwira nsalu. Dzanja lamanja likapita kukazunguza gudumu, nsalu inkathawa. Atelala ananyamula dzanja lamanzere ndi lamanja, monga munthu anyamulira mwala wopsinjira, n'kulikhazika pa nsaluyo.

"Ngati sugwira ntchito ina, ulemereko," analiuza.

Anazunguza gudumu. Makina anakhosomola, lamba anaterereka, kenako anagwira. Phokoso limene nyumbayo inaiwala linadzaza chipinda. Msoko unatuluka wokhota, woti kale akanamuphwasulitsa wophunzira, koma unali msoko.

Mpongozi anafika akuthamanga, thovu lili m'manja. Kumbuyo kwake kunali Abwana ndi dalaivala wa galimoto, bambo wamkulu thupi atanyamula chingwe.

"Amayi! Mukutani? Mugwa!"

"Ndikusoka."

"Tinagwirizana kale, Amayi," anatero Abwana. "Bambowa achoka kutali."

"Munagwirizana." Phazi silinaleke kuponda. "Ine ndinali kuti?"

"Timakuganizirani inu nomwe. Adokotala anati..."

"Adokotala anati ndiziyenda. Ndinalipo. Iwe unali pafoni."

Dalaivala anayang'ana kudenga, akubisa mano. Abwana anasendera pafupi n'kutsitsa mawu, kunong'ona kwake kuja komveka kumpanda.

"Musandichititse manyazi pamaso pa anthu. Dzanja limenelo linafa, Amayi. Vomerezani."

"Ukafuna makina," anatero Atelala, liwu lililonse palokha, "umange ndi ine ndemwe pa chingwecho. Ukatitule limodzi kwa mlamu wakoyo."

Anaponda mwamphamvu ndi ukali, maso ali pa mwana wawo osati pa nsalu. Nsaluyo inayenda, ndipo dzanja limene linagona pamwamba pake linayenda nayo. Singano inatsika m'mbali mwa chala cholozera.

"Mayo!"

Makina anaima. Mpongozi anakuwa, dalaivala anaponya chingwe pansi n'kubweza gudumu kuti singano ikwere. Magazi anatuluka, kadontho kenako kena, n'kugwera pa maluwa achikasu aja.

"Mwaona? Mwaona zimene ndimanena?" anatero Abwana, nkhope itagwa ngati ya kamnyamata ka yunifolomu kaja. "Bweretsa bandeji, fulumira!"

Koma Atelala sankamumva. Ankayang'ana chalacho. Dzanja limenelo mpongozi analithirapo tiyi wotentha mwangozi mwezi watha, iwo osadziwa mpaka ataona chithuza. Kuchipatala analibaya ndi kulitsina, osamva kanthu. Tsopano ululu unkayaka kunsonga kwa chala, kukwera m'dzanja, kukafika m'chigongono, woonda ndi wakuthwa ngati ulusi wamoto. Ndipo akuyang'ana choncho, chalacho chinapindika pang'ono, n'kubwerera.

"Chikuwawa," anatero.

"Pepani, Amayi, pepani, tikumangani pompano," anatero Abwana.

"Iwe, sukumva? Ndati chikuwawa!"

Anali kuseka, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri za nkhope, yamoyo ndi yopotoka yomwe. Mpongozi, amene anabwera ndi bandeji, anaima pakhomo. Iye ndi amene ankasambitsa dzanjalo tsiku ndi tsiku, ndipo anayamba kumvetsa mwamuna wake asanamvetse. Anagwira pakamwa.

Dalaivala anatola chingwe chake n'kuyamba kuchikulunga. "Bwana, ine katundu wokhala ndi mwini wake pamwamba sindinyamula," anatero, n'kutuluka.

Pagalasi losweka paja Namatope analowa ndi kampira ka matope. Anadutsa pakati pa anthuwo osawalabadira, n'kukalowa kunsi kwa thabwa, pafupi ndi bondo la Atelala.

Abwana anagwada, taye ikukhudza pansi, n'kutenga bandeji m'manja mwa mkazi wake. Anatambasula dzanja kuti agwire chala cha mayi ake. Atelala anachitchinga ndi dzanja lamanja.

"Dikira kaye," anatero. "Usachimange msanga. Ndileke ndimve."