Dilimu ya Jafeti

Lumo linali lisanamalize kudutsa pamutu pa Elenala pamene mlamu wake Makisoni anakhosomola, nati ali ndi mawu. Anthu a pamaliro anali atayamba kale kupinda mphasa. Elenala anangoweramitsa mutu, tsitsi likugwera pachitenje. Chiikire mwamuna wake Jafeti m'manda anali asanaone tulo, ndipo thupi lonse linkaphwanya.

Makisoni anati walota. Akuti mng'ono wakeyo anamubwerera kutulo, ataima m'madzi, n'kunena kuti bwato lake lipite kwa abale ake, apo ayi sapuma. Ankalankhula mofatsa, maso ali pansi, ngati munthu amene akumusenzetsa katundu wosamufuna. Komatu mudzi wonse unkadziwa kuti ku Songani, komwe iye ankakhala, kuli wamalonda a nsomba amene wakhala akulilondalonda bwatolo.

Nanga ndani angatsutse maloto a pamaliro? Akuluakulu anangogwedeza mitu, amvekere wakufa sitilimbana naye. Chonsecho bwato lomwelo ndilo linkadyetsa Elenala ndi mwana wake Fanny, pakuti kamunda kawo ka mpunga kankamira nthawi zonse mtsinje wa Likangala ukasefukira. Mlongo wake wa Elenala anali atavomera kale kumalipalasa, nsomba azigawana. Bwato likapita, basi, ngakhale mchere adzachita kupempha.

Jafetiyo anabwerako ku nkhondo ya ku Malaya ndi bulangete, chifuwa chosatha, ndi liwu limodzi la Chingelezi limene silinkamuchoka pakamwa: dilimu. Ankasimba kuti atamuuza dokotala wa asilikali zimene amaona akatseka maso, mzunguyo anamugwira paphewa n'kuti ndi dilimu chabe. Bwana wawo wina akamakamba za munda waukulu umene adzagule kwawo, ankatinso dilimu. Msilikali akangoti kukamwa yasa pa perete, ankamukalipira kuti asiye dilimu yomweyo. Jafeti ankaseka kuti mzungu ndi woumira, waunjika zoopsa, zokhumba ndi ulesi m'dengu limodzi. Akatero ankanena kuti mzunguyo anamugawira iye zoopsazo.

Pakhomo sankagonapo. Dzuwa likapendeka ankanyamula nkhafi, ulendo wa kunyanja, ndipo anthu ankati ali ndi mkazi ku chilumba cha Chisi. Makisoni ndiye ankaikometsa nkhaniyo pa mowa. Elenala ankangowasiya, poti pakamwa pa anthu sungaikepo chitseko.

"Tiyeni, alamu, ndikakupatseni," anatero Elenala, akusasa tsitsi pachitenje.

Analowera kunyanja, matope akuwagwira m'mapazi, dzuwa likuwotcha mutu wometa kumene uja. Bwato analipeza litangokokeredwa pamatope m'mbali mwa bango, monga analisiyira asodzi amene anamunyamula Jafeti tsiku limene chibayo chinamugwetsa. Makisoni anayamba kutulutsa za m'katimo: chikho chokapira madzi, mono wothyoka, bulangete lachisilikali lonunkha utsi. Kenako anatulutsa chingwe cha khonje. Mbali ina chinali chomangidwa pabowo la kumutu kwa bwato, mbali inayo chinali ndi kamfundo kozungulira, kokulungidwa bwinobwino ndi sanza. Anachitembenuza, nafunsa kuti kameneka n'ka ntchito yanji.

"N'ka mwendo," Elenala anayankha. "Akafuna kugona ankadzimanga, kuti zoopsa zija zikawagwira kutulo asadziponye m'madzi. Kunyumba ankakuwa, alamu. Fanny ankalira mpaka kucha. Ndiye anati bola azikakuwira mbalame za m'bango."

Elenala anakhala pansi pamatope pomwepo, napitiriza kulankhula.

"Maloto anu sindikuwatsutsa ayi. Ndikungodabwa. Munthu anadyedwa ndi udzudzu zaka zonsezi kuopa kudzutsa mwana wake, lero wafa n'kuyamba kudzutsa anthu chifukwa cha bwato? Tengani. Ine ndatopa."

Chapatali, asodzi ena ankakankha mabwato awo ndi nsungwi, kulowera ku Chisi. Makisoni anaiyang'anitsitsa sanza ija. Inali yakuda ndi thukuta, mwina ndi mwina muli madontho a magazi akale, pomwe chingwe chinkadya khungu munthu akamaphiriphitha. Analowetsamo dzanja lake, kamfundoko n'kukwana pamkono pake ndendende. Aa, kodi mwendo wa mng'ono wake unali utawonda chotere? Manyazi anamugwira, ndipo chisoni chimene sanachimve kumanda chinamupeza pamenepo.

Ananjuta, nayamba kumasula mfundoyo. Inali itauma gwa, mpaka anachita kuiluma ndi mano. Itamasuka, anakokera chingwe ku mtengo wozikidwa pamatope pomwe Jafeti ankaimika bwato, nachikulunga kawiri, nachimanga zolimba.

Kenako anatola bulangete lija, nalikutumula, nalipinda mosamala, n'kulipereka kwa Elenala ndi manja awiri.