Mayina Asanu a ku Domwe

A Norbert anali akumanga katoni yachisanu ndi chiwiri, chingwe chili kumano, pamene alamu awo a Bonifasio anaodira pakhomo.

"Lowani, alamu. Mungosamala mabukuwo."

A Bonifasio anadutsa pakati pa makatoni n'kukakhala pampando wa pawindo. Unali mpando wa mlongo wawo Esitere, mkazi wa a Norbert, amene anali atagona m'manda masiku anayi okha.

"Galimoto ya ku yunivesite ibwera liti kudzatenga zimenezi?"

"Lachisanu."

"Zakhala bwino. Ife kubanja takambirana. Tikusudzulani Loweruka."

A Norbert anachotsa chingwe kukamwa. Mwambo ankaudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Kungoti sankaganiza kuti zichitika nkhata za pamanda zisanafote.

"Nyumbayi tinamanga awiri," anatero motsitsa mawu.

"Pamalo a mbumba yathu. Mwana wa mlongo wanga Sungeni akukwatiwa mu Okutobala, pogona alibe. Sitikukuthamangitsani ayi, alamu. Koma tinene zoona, mlongo wangayo anagonamo masiku angati m'nyumba muno?"

Funsolo linawawa chifukwa linalibe bodza. Pa zaka makumi atatu ndi ziwiri za ukwati wawo, Esitere anali munthu wa paulendo. Anaphunzira zamalamulo ku Zomba, n'kupitiriza kunja. Anagwira ntchito ku Arusha, kubwalo lozenga milandu ya kuphana kwa ku Rwanda, kenako ku The Hague, asanabwerere kudzaphunzitsa ku yunivesite. Analemba mabuku atatu okhudza momwe dziko lapansi lingaweruzire anthu otentha midzi ndi kupha osalakwa pa nkhondo. Kumudzi kuno ku Lobi ankabwera pa Khirisimasi ndi mu Ogasiti, masabata awiri awiri. A Norbert ndiwo anatsala, kuphunzitsa Sitandade 6, kulima mbatata ya kachewere, kulera mwana wawo Alile. Pamsika wa Mayani anthu ankangowatchula kuti amuna a Pulofesa.

Tsiku la maliro anthu a masuti analankhula Chingerezi kwa ola lathunthu, kutamanda mayi wolimba mtima amene anagwedeza mabwalo a milandu. A Norbert anamvetsera ngati akumva za mlendo. Amene ankamudziwa iwo anali mkazi woopa kuzizira, wogona ndi masokosi awiri, amene nthawi zina ankasiya supuni m'mwamba n'kuyang'ana khoma osanena chomwe waona.

A Bonifasio atachoka, Alile anaimba foni kuchokera ku Lilongwe, kumene anali atabwerera ku ntchito yake ya unamwino.

"Ababa, musalimbane nawo amalume. Bwerani mudzakhale nafe."

"Ndamva, mwanawe."

"Mwadya?"

"Ndadya," ananama.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu yophimba mapiri onse. Cha m'ma teni koloko a Norbert anamva kuodira kwa mawu achilendo. Pabwalo panaima mayi wa imvi, wowonda, atanyamula kathumba ka nyemba. Anamupatsa mkeka pakhonde.

"Ndine Kristina, wa ku Domwe, kutsidya kwa malire. Uthenga wandipeza mochedwa. Pepani, bambo."

Dzina la Domwe a Norbert ankalidziwa. Chaka chilichonse mu Ogasiti, Esitere ankadula tsiku limodzi pa masiku ake ochepawo n'kuwoloka malire kulowa ku Mozambique. Akafunsidwa ankangoti ndi zantchito. A Norbert tsiku limenelo ankalida, ndipo kawiri konse anakangana naye chifukwa cha ilo.

"Munadziwana bwanji ndi amake Alile?"

Mayi Kristina anakonza chitenje pamaondo. "Chaka chija tinathawa nkhondo, tinafikira patchalitchi cha kuno. Iwo anali mtsikana wa sekondale, ankathandiza masisitere kugawa phala. Aliyense ankandifunsa ngati ndadya. Iwo okha anandifunsa kuti, 'Pochoka kwanu munali angati?' Ndinati asanu ndi mmodzi. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kunalibe munthu. Basi anatulutsa kope lawo la kusukulu, nati, 'Nditchulireni mayina.'"

Mayi Kristina anayang'ana nkhungu, n'kupitiriza.

"Atakula n'kuphunzira, anabwera kudzandiuza poyera kuti mlandu wa amuna anga ndi ana anga sudzafika kubwalo lililonse. Sanandinamize. Koma chaka ndi chaka ankabwera ndi kope lomwe lija kudzandiwerengera. Ine kuwerenga sindidziwa, ndipo ndikati ndiwatchule ndekha, mawu amandithera panjira. Ndiye ndimati ndifunse, bambo, ngati kopelo lilipo."

A Norbert analowa m'nyumba n'kuyamba kumasula. Katoni yoyamba munali mabuku okhaokha. Yachiwiri munali mafayilo a Chifalansa. Anakhuthula yachitatu ndi yachinayi, mapepala n'kumwazika pansi ponse. Ndi pamene a Bonifasio anatulukira, atatenga mmisiri woti aone malata.

"Alamu, mukumasulanso? Kodi simunandimve dzana?"

"Ndinakumvani. Loweruka ndichoka, musade nkhawa. Ndipita kwa Alile." A Norbert sanadzutse mutu. "Koma lero ndili ndi mlendo wa mlongo wanu. Malatawo mudzaona mawa."

A Bonifasio anayang'ana mayi wa pakhondeyo, anayang'ana mapepala, kenako anakodola mmisiri uja n'kubwerera.

Kope linapezeka m'katoni yachisanu ndi chimodzi, litapanikizika pakati pa zigamulo ziwiri zonenepa. Chikuto chinali chitafewa ngati nsalu. Kutsogolo kunali masamu a Fomu 4. Kumbuyo, patsamba lomaliza, kunali mayina asanu olembedwa ndi dzanja la mtsikana, ndipo m'mphepete munali mndandanda wa zaka, chilichonse ndi kachizindikiro kake, kufikira chaka chatha.

A Norbert anatuluka nalo, anakhala pansi pamkeka, n'kuvala magalasi. Mayi Kristina ataliona anaika manja onse awiri pachifuwa.

"Ine si Pulofesa, mayi," anatero a Norbert. "Ndine mphunzitsi wa pulayimale chabe. Koma kuitana mayina ndiye ntchito imene ndinakalamba nayo."

Anatsokomola kuti ayambe, ndipo ndi pamene anaona kamzere ka pensulo pamwamba pa mayinawo. Dzanja lake linali la Esitere wamkulu, lothamanga, lomwe ankalidziwa m'makalata. Anadzilembera yekha: Ukatchula dzina, ima. Usapitirire mpaka iwo atagwedeza mutu.

"Manuwere," anawerenga a Norbert.

Anaima. Mphepo inatembenuza pepala lina m'nyumba. Mayi Kristina anatseka maso, milomo ikugwedera, ndipo panapita nthawi yaitali kwambiri. A Norbert anaika chala pansi pa dzina lachiwiri, n'kudikira.